Nyamakazi: mankhwala ochepetsa kutupa alipo ambiri, oyenera inu ndi ati?

Munthu amene wachezera usiku wonse ndi bondo lopweteka akafika kwa dokotala amakhala ndi funso limodzi: amphamvu kwambiri ndi ati? Funsoli ndi lomveka, koma silithandiza kwenikweni posankha. Ibuprofen, naproxen, diclofenac, meloxicam ndi celecoxib ndi a banja limodzi lotchedwa NSAID, ndipo akamwedwa pa mlingo woyenera amachepetsa ululu ndi kutupa mosasiyana kwambiri. Pamene amasiyana ndi pa chiwalo chimene amachisenzetsa mtolo. Ena amazunza m'mimba, ena amalemetsa mtima, ndipo onse amakhudza impso. Bondo limangopempha mankhwala, koma osankha enieni ndi m'mimba, mtima ndi impso zanu.

Chimene chimachitika ndi ichi. Thupi lili ndi ma enzyme awiri, COX-1 ndi COX-2, amene amapanga prostaglandin. Prostaglandin ndi amene amabweretsa kutupa ndi ululu pamalo odwala, koma ndi yemweyonso amene amathandiza khoma la m'mimba kudziteteza ku asidi ndi kutsegula timitsempha tamagazi ta mu impso. John Vane wa ku London ndiye anaonetsa mu 1971 kuti aspirin amagwira ntchito potsekereza kapangidwe ka prostaglandin, ndipo mu 1982 analandira mphoto ya Nobel. Ndiye mukatsekereza prostaglandin pa bondo, mwamutsekerezanso m'mimba ndi mu impso. N'chifukwa chake jakisoni kapena piritsi lokutidwa silipulumutsa munthu ku zilonda za m'mimba: mankhwalawo amakafikako kudzera m'magazi, ngakhale sanadutse pakamwa.

Zoyenera kuyankha musanayerekeze

Choyamba, nyamakazi yanu ndi ya mtundu wanji? Pali ya kutha kwa nsonga za mafupa, imene madokotala amati osteoarthritis, yofala mwa achikulire, ndipo imakonda mawondo, chiuno ndi zala. Pali rheumatoid arthritis, imene chitetezo cha m'thupi chimatembenukira malo olumikizirana mafupa, munthu n'kumadzuka zala zitauma gwa kwa ola lathunthu kapena kupitirira. Palinso gout, yobwera mwadzidzidzi, kawirikawiri pa chala chachikulu cha kuphazi. NSAID amachepetsa ululu pa zonsezi koma sachiza iliyonse. Pa rheumatoid arthritis mfundo imeneyi ndi yaikulu, chifukwa munthu amatha kumva bwino mafupa akupitirira kuwonongeka mwakachetechete. Pamenepo pamafunika mankhwala ena oletsa matendawo, monga methotrexate, sulfasalazine kapena hydroxychloroquine.

Chachiwiri ndi mbiri ya thupi lanu. Kodi munadwalapo zilonda za m'mimba kapena kutaya magazi m'mimba? Kodi muli ndi matenda a mtima, kuthamanga kwa magazi, kapena munadwalapo sitiroko? Impso zanu zinayezedwa liti? Muli ndi zaka zoposa 65? Muli ndi mphumu? Ndinu woyembekezera? Nanga mukumwa mankhwala ena ati? Dokotala sangalote zimenezi. Paja akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Muzinene nokha ngakhale musanafunsidwe.

Mankhwala aliwonse m'munsimu ndawayeza pa zinthu zinayi: mtengo, kupezeka, chisamaliro chimene amafuna, ndi kuopsa kwake. Pa mtengo ndikungowayerekeza okhaokha, chifukwa mitengo imasiyana dziko ndi dziko. Kumbukiraninso kuti mtengo weniweni si wa piritsi lokha. Muwerengere mankhwala oteteza m'mimba ndi kuyezetsa magazi.

Opaka, makamaka diclofenac wa m'kachubu

Mtengo: kachubu kamodzi kamaoneka kotchipa, koma amene akupaka mawondo onse awiri katatu kapena kanayi patsiku amakatsiriza msanga, ndipo pamwezi amatha kuwononga ndalama zoposa za mapiritsi.

Kupezeka: m'mayiko ambiri amagulitsidwa ngakhale popanda kalata ya dokotala.

Chisamaliro: apa ndi pamene ambiri amalephera. Amapaka kamodzi, ululu ukapitirira amati ndi achabechabe. Mankhwalawa amafuna kupakidwa tsiku ndi tsiku kwa masiku angapo, nthawi zina sabata yathunthu, phindu lisanaoneke. Pakani pa khungu louma lopanda bala, sisitani pang'onopang'ono mpaka alowe, musasambe nthawi yomweyo, ndipo sambani m'manja mukamaliza pokhapokha ngati ndi zala zomwezo mukuchiza. Musamangepo nsalu yothina kapena kuikapo chinthu chotentha.

Kuopsa: olowa m'magazi ndi ochepa, pafupifupi 6 pa 100 alionse a amene akanalowa mukanamwa mapiritsi. Vuto lofala ndi kuyabwa kapena kufiira kwa khungu. Polephera pake ndi pakuti safika patali: amathandiza bondo ndi zala, koma pa chiuno, pamene fupa lili mkati mwa minofu yambiri, musayembekezere zambiri. Kwa ine, munthu wachikulire wa bondo limodzi kapena awiri ayenera kuyambira pano asanaganize za piritsi.

Ibuprofen

Mtengo: kawirikawiri ndi wotchipa kuposa onse.

Kupezeka: ali paliponse. Anatulukiridwa ndi gulu la Stewart Adams ku kampani ya Boots ku Britain, anayamba kulembedwa ndi madokotala mu 1969, ndipo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa bungwe la WHO.

Chisamaliro: sakhalitsa m'thupi, choncho amamwedwa katatu kapena kanayi patsiku. Kwa amene ululu umangobwera masiku ena, ubwino wake ndi umenewo: mwamwa, wagwira ntchito, watuluka. Kwa amene amafuna mankhwala tsiku lililonse n'zotopetsa, ndipo ululu umatha kubwerera m'bandakucha.

Kuopsa: pa ibuprofen mlingo ndiwo nkhani yonse. Mpaka mamiligalamu 1,200 patsiku amaonedwa kuti ndi wofatsa pa m'mimba ndi pa mtima pomwe. Koma kuti achepetse kutupa kwa nyamakazi nthawi zambiri amafunika wochulukirapo, ndipo akafika 2,400 patsiku kufatsa kuja kumatha. Bungwe loona za mankhwala ku Ulaya la EMA linachenjeza mu 2015 kuti pa mlingo umenewu chiopsezo cha mtima ndi sitiroko chimakwera. Pali chinanso chimene anthu ambiri sachidziwa: ibuprofen amatha kutchinga aspirin wa mlingo wochepa amene ena amamwa kuteteza mtima. Ngati mukumwa aspirin wotere, musayambe ibuprofen wa tsiku ndi tsiku dokotala asanadziwe.

Naproxen

Mtengo: wokwererako pang'ono kuposa ibuprofen, koma mapiritsi a patsiku ndi ochepa.

Kupezeka: amadziwika kwambiri, ngakhale kuti si zipatala zonse zimene zimamusunga. Mlingo wa nyamakazi umafuna kalata ya dokotala.

Chisamaliro: amakhala m'thupi nthawi yaitali, ndiye kawiri patsiku n'kokwanira, mamiligalamu 250 mpaka 500 nthawi iliyonse. Piritsi la madzulo limathandiza amene amadzuka mafupa atauma. Ngati mudzamumwa kwa milungu yambiri, muwerengere omeprazole, woteteza m'mimba, kapena mnzake ngati mbali ya mankhwalawo.

Kuopsa: mu 2013 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku wamkulu wophatikiza zotsatira za mayeso mazanamazana a mankhwalawa. Naproxen ndiye anaoneka kuti sakweza kwenikweni chiopsezo cha matenda a mitsempha ya mtima ndi sitiroko. Koma pa m'mimba anali m'gulu la oipitsitsa: iye ndi ibuprofen wa mlingo waukulu anachulukitsa pafupifupi kanayi mavuto aakulu monga kutaya magazi ndi kubooka kwa zilonda. Kusinthanitsa kwake n'koonekeratu, mtima ukupumako, m'mimba mukulipira. Ndipo mawu akuti “sakweza kwenikweni” asamveke ngati chilolezo kwa wodwala mtima. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti mankhwala onse a banjali amachulukitsa pafupifupi kawiri vuto la mtima wolephera kupopa bwino magazi.

Diclofenac wakumwa ndi wa jakisoni

Mtengo: wotchipa.

Kupezeka: ndi mmodzi mwa mankhwala a ululu ogwiritsidwa ntchito kwambiri padziko lonse, ndipo alipo wa mapiritsi, wa jakisoni ndi woika kumalo ochitira chimbudzi.

Chisamaliro: mamiligalamu 75 mpaka 150 patsiku, ogawidwa kawiri kapena katatu. Mapiritsi okutidwa ndi otulutsa mankhwala pang'onopang'ono amamezedwa athunthu, osatafuna kapena kuphwanya. Womwa kwa nthawi yaitali ayenera kuyezetsa chiwindi, chifukwa diclofenac amachikhudza kuposa anzake ambiri. Jakisoni wake anapangidwira ululu waukulu wa tsiku limodzi kapena awiri. Si wobayitsa sabata iliyonse bondo likavuta.

Kuopsa: pano ndiyenera kulankhula mosabisa. Diclofenac ali ndi mbiri yabwino pakati pa odwala chifukwa amagwiradi ntchito, ndipo kutchipa kwake kumachititsa anthu kumuona ngati wamba. Koma pa mtima amachita ngati mankhwala a gulu la celecoxib. Kafukufuku wa 2013 uja anawerengera kuti pa anthu 1,000 omwa mlingo waukulu wa diclofenac kapena wa gulu limenelo kwa chaka chimodzi, atatu owonjezera amadwala mtima kapena sitiroko, ndipo mmodzi mwa atatuwo amamwalira. Chaka chomwecho bungwe la EMA linaletsa kumupereka kwa odwala mitsempha ya mtima, amene anadwalapo sitiroko, a mitsempha yotsekeka ya m'miyendo, ndi a mtima wolephera kupopa bwino. Kwa wachinyamata wathanzi womwa masiku asanu, chiopsezocho n'chaching'ono. Kwa bambo wa zaka 60 wa shuga, wothamanga magazi, wosuta fodya, amene akufuna kumwa miyezi, sindingamuike diclofenac patsogolo.

Meloxicam

Mtengo: wapakati.

Kupezeka: wa kalata ya dokotala, amapezeka m'mafamasi ambiri.

Chisamaliro: kamodzi patsiku basi, mamiligalamu 7.5 kapena 15, osapitirira. Achikulire ayambire pa 7.5. Popeza piritsi lake ndi laling'ono ndipo siligwira msanga ngati ibuprofen, ena amawonjezera lachiwiri masana. Kumeneko n'kulakwitsa, chifukwa loyamba lija limakhala likadali m'magazi mpaka mawa lake.

Kuopsa: pa mlingo wochepa amavutitsako m'mimba pang'ono kuposa naproxen, koma pa 15 kusiyanako kumachepa. Pa mtima ndi impso alibe mwayi wapadera. Chimene mukugula pa meloxicam ndi kuphweka kwa kamwedwe.

Celecoxib

Mtengo: kale anali wodula kwambiri. Makampani ena atayamba kumupanga anatsika, komabe kawirikawiri amaposa ibuprofen ndi diclofenac.

Kupezeka: wa kalata ya dokotala, ndipo si paliponse pamene mungamupeze nthawi zonse. Musanayambe, funsani ngati mudzamupezanso mwezi wamawa.

Chisamaliro: pa osteoarthritis ndi mamiligalamu 200 patsiku, kamodzi kapena ogawidwa kawiri. Pa rheumatoid arthritis dokotala angakweze mpaka 200 kawiri patsiku. Kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi impso kumafunika monga pa ena onse.

Kuopsa: celecoxib anapangidwa kuti atsekereze COX-2 n'kusiya COX-1 amene amateteza m'mimba, ndipo anavomerezedwa ku America kumapeto kwa 1998. Mbiri ya gulu lake inaipa mu 2004 pamene mnzake rofecoxib, wodziwika kuti Vioxx, anachotsedwa pa msika chifukwa chokweza matenda a mtima ndi sitiroko. Funso la celecoxib mwiniwake linayankhidwa pang'ono mu 2016 ndi kafukufuku wotchedwa PRECISION, wa odwala nyamakazi oposa 24,000. Pa mtima sanaipe kuposa ibuprofen kapena naproxen, ndipo pa m'mimba anali wofatsa kuposa onse awiri. Koma zotsatirazi ziwerengedwe mosamala. Ambiri ankamwa celecoxib wa mamiligalamu 200 okha, onse anapatsidwanso mankhwala oteteza m'mimba, ndipo ochuluka anasiya mankhwala kafukufuku asanathe. Ku Ulaya celecoxib ndi woletsedwabe kwa amene ali kale ndi matenda a mitsempha ya mtima kapena anadwalapo sitiroko. Zinthu ziwiri zowonjezera: mukamamwa aspirin tsiku lililonse, ubwino wake wa pa m'mimba umachepa, ndipo ngati munatulukapo zidzolo kapena kutupa ndi mankhwala a sulfa, monga cotrimoxazole, nenani asanakulembereni.

Za omeprazole ndi nthano ya chakudya

Mumamva kuti mumwe mutadya. Ndi malangizo abwino, chifukwa chakudya chimachepetsa nseru ndi chilungulira. Koma sichiletsa zilonda. Chimene chimachepetsadi zilonda ndi mankhwala ochepetsa asidi monga omeprazole kapena lansoprazole, omwedwa tsiku lililonse pa nthawi yonse imene mukumwa NSAID. Oyenera kuwaganizira kwambiri ndi a zaka zoposa 65, amene anadwalapo zilonda, ndi omwa aspirin, prednisolone kapena mankhwala a matenda a maganizo a mtundu wa fluoxetine. Amene anadwalapo zilonda ayezedwenso kachilombo koyambitsa zilonda ka Helicobacter pylori. Dziwaninso kuti pali mapiritsi ophatikiza diclofenac ndi misoprostol; amateteza m'mimba, koma amatsegula m'mimba mwa ena ndipo amatha kuchotsa pakati.

Choopsa cha zilonda zobwera ndi mankhwalawa n'chakuti sizichenjeza nthawi zonse. Mankhwala omwewo amaphimba ululu. Munthu amangoona chimbudzi chakuda bii, chomata ngati phula, chonunkha modabwitsa, kapena amasanza zinthu zofiira kapena zakuda, kapena amangofooka n'kumamva chizungulire akaimirira. Zikatero siyani mankhwala, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika, kufooka mbali imodzi ya thupi, kutupa kwa miyendo kapena nkhope, kuchepa kwa mkodzo, kapena maso akachita chikasu.

Kathumba ka mankhwala

Yerekezani kathumba ka mayi wa zaka 68 katakhuthulidwa patebulo. Muli diclofenac amene dokotala analemba. Muli ibuprofen amene mwana wawo anawapatsa tsiku limene bondo linakula ululu. Muli mapiritsi a chimfine amene, mukawerenga timalemba tating'ono ta kuseri, alinso ndi aspirin, amenenso ndi wa banja la NSAID. Kenako a kuthamanga kwa magazi: enalapril ndi hydrochlorothiazide, wokodzetsa uja. Mayiwo sanalakwire lamulo lililonse limene akulidziwa; piritsi lililonse ali nalo chifukwa chake. Koma akumwa NSAID atatu nthawi imodzi, zimene siziwonjezera mpumulo koma kuopsa kokha. Ndipo kuphatikiza NSAID, mankhwala a mtundu wa enalapril kapena losartan, ndi okodzetsa ndi njira yodziwika yogwetsera impso. Akangotsegula m'mimba masiku awiri, madzi n'kuchepa m'thupi, impso zimatha kuima.

Lamulo lochoka apa ndi lachidule: NSAID mmodzi pa nthawi imodzi, ndipo tsiku limene mukusanza, kutsegula m'mimba kapena kulephera kumwa madzi, mulekeni kaye. Mankhwala ena oyenera kutchulidwa kwa dokotala ndi warfarin ndi ena oletsa magazi kuundana, lithium, methotrexate, ndi ma ARV okhala ndi tenofovir, amene nawonso amadalira impso. Womwa kwa miyezi ayezetse impso, kuchuluka kwa magazi ndi kuthamanga kwake asanayambe, kenako pakapita nthawi imene dokotala wanena. Mowa ndi fodya zimakulitsa vuto la zilonda. Bungwe la FDA la ku America linakumbutsa mu 2015 kuti chiopsezo cha mtima chimatha kuyamba m'milungu yoyambirira, choncho mlingo ukhale wochepetsetsa umene ukuthandiza, kwa nthawi yaifupi momwe zingathekere. Komanso musathamangire kusintha: ululu umayankha mkati mwa sabata, koma kutupa kungatenge milungu itatu. Ikatha popanda kusintha, wina wa m'banja lomweli angathe kugwira pamene woyamba walephera.

Ndiye ndani atenge chiyani?

Ngati vuto ndi bondo kapena zala, makamaka mutadutsa zaka 65, yambani ndi opaka ndipo muwapatse milungu iwiri kapena itatu mukupaka mokhulupirika.

Ngati ndinu wocheperako zaka, wopanda vuto la m'mimba, mtima kapena impso, ndipo ululu umabwera apo ndi apo, ibuprofen wa mlingo wochepa kwa masiku ochepa ndi wokwanira. Ululu ukakhala wa tsiku ndi tsiku, naproxen kawiri patsiku kapena meloxicam kamodzi ndi osavuta kutsatira.

Ngati nkhawa yanu ndi m'mimba koma mtima uli bwino, kambiranani za celecoxib, ndipo ngati munadwalapo zilonda, pamodzi ndi omeprazole. Amene anatayapo magazi m'mimba angauzidwe kuti asamwe NSAID aliyense.

Ngati muli ndi zinthu zoika mtima pachiswe, monga shuga, kuthamanga kwa magazi kapena mafuta ambiri m'magazi, koma simunadwalepo mtima, madokotala ambiri amasankha naproxen ndi omeprazole, n'kupewa diclofenac ndi ibuprofen wa mlingo waukulu.

Ngati ndi gout, NSAID wa masiku ochepa amazimitsa motowo, ndipo colchicine kapena prednisolone ndi njira zina kwa amene sangamwe NSAID. Ikamabwerabwera, funsani za allopurinol, wothandiza kuti isamabwerere. Ngati ndi rheumatoid arthritis, NSAID ndi wongothandizira podikira kuti mankhwala enieni agwire. Ndipo ngati mwapatsidwa methotrexate, amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse.

Ngati ndinu woyembekezera, musamwe popanda dokotala. Kuyambira milungu 20 mankhwalawa amatha kuchepetsa madzi ozungulira mwana, monga FDA inachenjezera mu 2020, ndipo kuyambira milungu pafupifupi 30 amatha kutseka msanga mtsempha wofunika pafupi ndi mtima wa mwanayo. Ngati mphumu yanu inakulapo mutamwa aspirin, banja lonseli likhale patali mpaka dokotala atanena.

Otsala ndi amene impso zawo zafooka, a mtima wolephera kupopa bwino, amene anadwalapo mtima kapena sitiroko, ndi omwa warfarin. Kwa iwo mapiritsi onse a pamwambawa kawirikawiri sayenera, ndipo ngakhale opaka afunsidwe kaye. Chotsala si kupirira kokha. Pali paracetamol, amene sachepetsa kutupa koma amathandiza ena, osapitirira magalamu 4 patsiku kwa munthu wamkulu wa chiwindi chabwino. Pali jakisoni wa steroid, wochepetsa kutupa, wobayidwa m'bondo momwemo, amene amapumitsa ululu kwa milungu ingapo. Pali kulimbitsa minofu ya ntchafu, kumene pa nyamakazi ya bondo kumathandiza kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira, ndi kuchepetsa thupi kwa onenepa. Ndipo pali ndodo, imene imagwiridwa kudzanja la mbali yosapweteka, n'kumaponyedwa patsogolo pamodzi ndi mwendo wodwalawo.